Kupita ndi ana ang'onoang'ono ku Natural History Museum pa half term

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene munapitako ndi ana ku Natural History Museum, myuziyamu ya zachilengedwe, ku London. Tadala wakwanitsa zaka 6 ndipo nkhani yake m'nyumba muno ndi ma dinosaur basi, podzuka yomweyo, pogona yomweyo. Ndinamulonjeza kuti pa half term ino, tchuthi cha pakati pa teremu, tipita. Vuto ndi lakuti bambo ake akhala ali kuntchito sabata yonseyo, ndiye ndikhala ndekha ndi ana atatu: Tadala, mlongo wake Takondwa wa zaka 3, ndi wakhandayu wa miyezi 8. Tichokera ku Luton. Anthu akundiuza kuti nthawi ya tchuthi kumadzaza koopsa. Kodi n'zotheka? Lonjezo la kwa mwana sindikufuna kuliphwanya.

Anti Nabanda: Mwanangu, atatu wekha? Tenga wamkuluyo, awiriwo usiyire munthu. Wa zaka 3 akaonako chiyani? Akangoona miyendo ya anthu basi, kenako kulira.

Mayi a Tadala: Anti, wakhandayu akuyamwabe, botolo amalikana. Ndipo Takondwa ndikamusiya, akaona mchimwene wake akutuluka ndi chikwama, tsiku lonse likhala la maliro kwa amene ndamusiyirayo.

Nachisale: Mayi a Tadala, n'zotheka, musataye mtima. Ine ndimakhala ku London konkuno ndipo anawa ndimapita nawo kawirikawiri. Kudzaza kokha anakuuzani zoona. Mu 2024 mokha munalowa anthu oposa 6 miliyoni, ndipo pa half term pakhomo lalikulu la ku Cromwell Road pamakhala ngati pa depoti ya Wenela madzulo oti mawa ndi Khirisimasi. Koma khamulo lili ndi nthawi yake ndi malo ake, mukadziwa zimenezo mumalizemba.

Kulowa ndi kwaulere, koma pitani pa webusaiti yawo lero lomwe mukatenge tikiti yaulere ya nthawi yolowera. Sankhani 10 koloko, nthawi yomwe amatsegula. Ya masana musaiyerekeze. Amatseka cha m'ma 5:50 madzulo, koma inu simudzafika kumeneko, ana amakhala atatheratu kalekale.

Mukangolowa musaime kujambula zithunzi. Ndikudziwa kuti mtima umafuna, chifukwa mukangokweza maso mumaona mafupa a nangumi atalendewera kudenga, mamita 25 kutalika kwake. Mpirireni nangumiyo, sathawa. Khoterani kumanzere mulunjike kwa ma dinosaur, ku Blue Zone, chifukwa kumeneko ndiye kumene aliyense wobwera ndi mwana akuthamangira, ndipo ikamakwana 11 pamakhala pali kale mzere wina wa m'kati. Mukatuluka kumeneko ndiye mubwerere kwa nangumi mwakachetechete.

Mayi a Tadala: Zikomo kwambiri a Nachisale. Nanga Dippy amapezeka mbali iti? Tadala ali ndi chithunzi chake kuchipinda.

Nachisale: Apo ndiye mumukonzekeretse mwanayo asananyamuke, angakalire. Dippy, chifanizo chija cha mafupa a dinosaur wotchedwa Diplodocus, anamuchotsa mu holo yayikulu mu 2017, malo ake ndi omwe anapachikapo nangumi uja. Anayenda naye m'mizinda yosiyanasiyana ya kuno, kenako mu 2023 anapita naye ku Coventry. Koma panja m'munda, kuyambira 2024, anaimikamo wina wa mtundu womwewo wa Diplodocus, wopangidwa ndi chitsulo cha bronze, dzina lake Fern. Ali pabwalo, mphepo ikuwomba, malo othamanga alipo. Kwa ine ndi wabwino kuposa wa m'nyumba uja chifukwa mwana amamuzungulira mmene akufunira popanda womukankha.

Bambo a Yankho: Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Kulowa ndi kwaulere inde, koma sitima si yaulere. Ife pochokera ku Leicester ndalama ya ulendo inali yambiri, ndiye ndinawauza anawo kuti lero tiona zonse. Tinayamba ndi ma dinosaur, tinapita kwa nyama zoyamwitsa, kwa mbalame, kwa miyala, chipinda cha chivomezi, kenako tinawoloka kupita ku Science Museum yomwe ili pafupi pomwepo pa Exhibition Road. Analira? Analira. Koma anaona. Mwana ayenera kuphunzira kupirira. Mukati muone zinthu ziwiri zokha ndiye mwapitiranji ku London?

Mayi a Pemphero: Bambo a Yankho, ndikumvetsa za ndalamazo, koma ndiloleni nditsutseko. Ine ndimagwira ntchito m'kalasi ya ana a zaka 4 ndi 5, ndipo maulendo otere timapita nawo. Mwana wa msinkhu umenewo akayenda m'khamu ola limodzi ndi theka, mutu wake umakhala wadzaza. Zotsalazo akungokokedwa dzanja. Ife akuluakulu timaiwala kuti iye ali pansi. Ife tikuona mafupa pamwamba pa mitu ya anthu, iye akuona zikwama, malamba ndi mawilo a ma pram. Phokoso la m'nyumba ija limabwerera m'makoma chifukwa ndi holo zazitali za njerwa. Tsiku lina mukadzapitanso mudzanjute pansi kamphindi, maso anu afanane ndi a mwanayo, mudzaona zomwe ndikunena.

Timati tikabwerera kusukulu n'kuwapatsa pepala kuti ajambule zomwe anaona, sajambula zinthu khumi. Aliyense amajambula chimodzi. Ndipo kawirikawiri chimakhala chomwe anaimapo nthawi yaitali, osati chomwe ife tinamuuza kuti n'chofunika.

Bambo a Yankho: Amayi, inu mukulankhula ngati mwayi umabwera kawiri. Ine ndinakulira ku Ndirande, myuziyamu ya Chichiri ili pafupi, koma kupitako kunali kwa tsiku la ulendo wa sukulu lokha. Makolo athu analibe nthawi ya zimenezo. Ndiye ine ndikafika ndi ana anga pamalo ngati amenewa, mtima umandiuza kuti atenge zonse zomwe angathe. Si nkhanza ayi.

Mayi a Pemphero: Sindikunena kuti ndi nkhanza, achimwene, ndi chikondi chomwe. Koma ndikufunseni, pa ulendo wa ku Chichiri uja mukukumbukira chiyani?

Bambo a Yankho: Chisitima chamalasha chija chili panja. Tinachizungulira, tinasuzumira kumene ankaponyera malasha. Mpaka lero ndikhoza kuchijambula.

Mayi a Pemphero: Ndi zomwezo. Mwana wa Mayi a Tadala nayenso akufunika chisitima chake, apatsidwe nthawi yochizungulira.

Bambo a Yankho: Mwina kwa aang'onowa. Koma anga anali ndi zaka 8 ndi 10, ndipo mpaka pano amakamba za chipinda cha chivomezi ndi za roketi za ku Science Museum. Pa msinkhu umenewo ine sindisintha. Chomwe ndingathandize Mayi a Tadala ndi cha ndalama: ana osakwana zaka 5 salipira pa sitima, ndipo pa Tube, sitima za pansi pa nthaka za mu London, ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira. Ngati mumayenda ndi ana pafupipafupi, khadi ya sitima yotchedwa Family & Friends Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa tikiti yanu ndi 60 peresenti pa ya Tadala.

Mayi a Lusayo: Pa nkhani ya chipinda cha chivomezi ndichenjezeko. Anakonza ngati sitolo ya ku Kobe ku Japan, kutsanzira chivomezi cha 1995, pansi pamagwedezeka, katundu wa m'mashelefu akulira. Ana akuluakulu amasangalala, amabwereza. Ine kwathu ndi ku Karonga, ndinali kumudzi mu December 2009 pamene nthaka inkagwedezeka usiku ndi usana, anthu tikugona panja kuopa makoma. Pansi pa sitolo ija patangoyamba kuyenda, miyendo yanga inazizira, ndinamugwira Lusayo mwamphamvu mpaka anandiyang'ana. Kwa mwana wa zaka 3, mulambalale chipinda chimenecho. Sangasiyanitse masewera ndi zenizeni.

Nachisale: Zoona zimenezo, ndipo T. rex, dinosaur wolusa wodya nyama uja, nayenso chimodzimodzi. Mayi a Tadala, ichi ndiye chofunika kuposa zonse zomwe ndalemba. Chakumapeto kwa chipinda cha ma dinosaur kuli T. rex woyenda ndi makina, amatembenuza mutu, kutsegula kukamwa ndi kubangula, ndipo malowo ndi a mdima pang'ono. Tadala adzakondwa. Takondwa mwina ayi. Wanga wamng'ono ali ndi zaka 3 anangomva kubangulako tisanafike n'komwe, anaima chilili, n'kukwirira nkhope m'siketi yanga, thupi lonse likunjenjemera. Kumbuyo anthu akukankha, kutsogolo mkulu wake akundikoka kuti tiyandikire. Pamenepo munthu mmodzi sakwanira. Ndinamunyamula, nkhope yake ili paphewa langa, dzanja langa litatseka khutu lake, tinadutsa choncho. Muonetseni kanema wa T. rex ameneyo pa foni muli kunyumba, mumuuze kuti ndi chidole chachikulu cha mabatire, sichichoka pamalo pake. Zimathandiza.

Anti Nabanda: Poti wakana kuwasiya, mvera izi tsono. Chi pram chisiye kunyumba. Tenga chitenje chako, wakhandayo umubereke. Manja ako awiri akhale a ana awiriwo, wina uku wina uku. Ife tinalera choncho m'misika yodzaza ndipo palibe anasowa. Azungu akuyang'ana, ayang'ane, ena amabwera kudzafunsa mmene wamangira.

Mayi a Tadala: Anti, ndimaganiza kuti pram indithandiza kunyamula zakudya ndi majekete, komanso Takondwa akatopa akhalemo.

Nachisale: Mbali zonse zili ndi mfundo. Koma dziwani kuti pa siteshoni ya South Kensington, yomwe ili pafupi ndi myuziyamuyo, palibe lifiti, pali masitepe. Mukakwera sitima ya Thameslink ku Luton, n'kutsika ku St Pancras n'kukwera Tube ya Piccadilly line, mufika osasintha sitima, koma njanji imeneyo ili pansi kwambiri. Bola mupitirire ndi Thameslink mpaka ku Blackfriars, kumene kuli malifiti, mukwere District kapena Circle, masitepe a ku South Kensington akhale ochepa. Kuchokera pa siteshoni pali njira ya pansi yopita ku ma myuziyamu, simuwoloka msewu ndi ana. Ngati pram simungaisiye, tsikirani ku Earl's Court komwe kuli lifiti mukwere basi 74, imadutsa pa Cromwell Road pomwepo. Ine ndikanakhala inu ndikanachita za Anti: chitenje, ndi chikwama chimodzi chopachika kutsogolo.

Mayi a Chikondi: Ndiyankhuleko za kusowa kwa mwana, chifukwa zinatichitikira m'holo ya nangumi momwemo. Gulu la ana a sukulu linadutsa pakati pathu, dzanja la Chikondi linapulumuka, nditatembenuka palibe. Amayi anzanga, mphindi zimenezo sindizifunira munthu. Ndinathamangira kwa wantchito wa yunifolomu, iye anangofunsa dzina, msinkhu ndi zomwe wavala, n'kulankhula pa wailesi yake ya m'manja. Posakhalitsa tinamupeza. Sanapite patali n'komwe. Anali ataima pa chipilala, chala chake chikusisita kanyani kosema pakhoma. Nyumba ija makoma ake ali ndi tinyama toumba paliponse, anyani akukwera m'zipilala, mbalame, nsomba, ndipo tina tili pa msinkhu wa mwana ndendende. Ife tonse maso anali kudenga, iye anapeza kanyani kake. Sankadziwa n'komwe kuti wasowa.

Kuyambira pamenepo ndisanatuluke m'nyumba ndimamujambula chithunzi atavala zovala za tsikulo, ndimamuveka juzi lowala loonekera patali, nambala yanga ya foni ndimailemba pa kapepala m'thumba mwake ndi pa mkono pomwe. Tikangolowa ndimamuonetsa wantchito mmodzi n'kumuuza kuti ukapanda kundiona, ima pomwepo, kapena pita kwa wovala chonchi. Osatuluka panja.

Mayi a Tadala: Mayi a Chikondi, mwandigwira mtima. Mantha anga enieni ndi amenewo.

Mayi a Chikondi: Musaope, ingokonzekani. Ndiwonjezere kwa makolo ena pagulu pano amene ana awo ali ngati wanga. Chikondi ali ndi autism, phokoso ndi kukhudzana ndi anthu zimamuvuta kwambiri. Myuziyamu imeneyi imakhala ndi m'mawa wapadera wotchedwa Dawnosaurs, amatsegulira ana otere khamu lisanalowe. Ndi waulere koma malo amatha msanga, muyenera kubukitsa. Kumeneko ndi kumene mwana wanga anaona ma dinosaur bwinobwino koyamba, popanda kutseka makutu. Ndikudziwa kuti pakati pathu ena timabisa ana oterewa kuopa zonena za anthu. Atulutseni, malo awo alipo.

Mayi a Pemphero: Zikomo polankhula zimenezo poyera, achemwali. Ndipo ngakhale tsiku wamba, malo opumira alipo. Kwerani m'mwamba ku chipinda cha miyala, kuli makabati akale a matabwa m'mizere, anthu amakhala ochepa. Mwana akayamba kulusa, m'malo momukalipira pakati pa khamu, pitani naye kumeneko, mukhale pansi, amwe madzi. Wakhandayo mukhoza kumuyamwitsa paliponse pomwe mwapeza pokhala, lamulo la kuno limakutetezani, palibe angakuchotseni.

Bambo a Dalitso: Pepani ndilowetse nkhani ina pang'ono, ine wa ku Chipata. Nthawi zonse anthu akamatchula nyumba imeneyi mtima wanga umapita ku Kabwe. Mu 1921 anthu okumba mgodi ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, anapeza chigaza cha munthu wakalekale, chimodzi mwa zofunika kwambiri zomwe zinapezekapo mu Africa. Anachitumiza ku London, ndipo mpaka lero chimasungidwa ku Natural History Museum. Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere. Ine ana anga ndimapita nawo, sindiwaletsa, malowo ndi abwino. Koma tikafika ku chipinda cha chiyambi cha anthu ndimawauza kuti mwana wa ku Kabwe, wobadwira pamtunda pomwe chinakumbidwa, kuti achione chenichenicho afunika visa ndi ndege. Ana athu akukulira kuno, adziwe kuti zina zomwe zili m'nyumba zikuluzikuluzi zinachokera kwawo.

Bambo a Yankho: Apo ndiye tagwirizana, achimwene. Zimenezi sindinkazidziwa bwino.

Mayi a Pemphero: Nkhani yofunika, koma kwa wa zaka 6 ikhale ya chiganizo chimodzi, ndipo osati tsiku lomwelo la T. rex. Idzamera nthawi yake.

Mayi a Lusayo: Chomwe Tadala angachimve lero lomwe ndi ichi: muuzeni kuti kwawo kulinso dinosaur. Dzina lake Malawisaurus, mafupa ake anakumbidwa m'boma la Karonga, ndipo chifanizo cha mafupa ake onse chaimikidwa mu myuziyamu ya pa Karonga boma yomwe inatsegulidwa mu 2004. Ndi wa khosi lalitali, wodya masamba, wa banja la ma titanosaur. Lusayo nditamuuza sanakhulupirire, ankaganiza kuti ma dinosaur ndi a ku America ndi ku England okha. Titapita kumudzi ndinamutengera kumeneko. Munalibe khamu, munalibe wotikankha, anakhala pansi pa khosi lija mpaka anakhuta. Atabwerera kusukulu kuno anakauza kalasi yonse kuti dziko la amayi ake lili ndi dinosaur wa dzina la dzikolo.

Mayi a Tadala: Ndangomuuza pompano, wathamangira kukafuna mapu kuti ndimuonetse Karonga. Akufunsa ngati Malawisaurus angagonjetse T. rex.

Mayi a Lusayo: Muuzeni kuti sakanakumana. Malawisaurus anakhalako zaka mamiliyoni ambiri T. rex asanabwere, ndiponso T. rex anali wa ku North America.

Nachisale: Popeza Tadala ndi katswiri chonchi, ndikupatseni njira ina ngati mzere wa ku Blue Zone mutaupeza utatalika kale. Zungulirani mulowere khomo la ku Exhibition Road. Mukangolowa mukumana ndi Stegosaurus wotchedwa Sophie, amene anakumbidwa ku Wyoming, ndipo mafupa ake ambiri ndi enieni, si oumba ayi. Waima pamalo otakasuka, mwana amatha kuwerenga zimbale za pamsana pake ndi minga ya kumchira. Kumbuyo kwake kuli masitepe oyenda okha olowa m'chimpira chachikulu cha dziko. Mwana amene waona Sophie ndi Fern waona ma dinosaur, ngakhale mzere wina uja mutaulephera.

Mukalowa m'chipinda chachikulucho, mufunefune Baryonyx. Anthu ambiri amamudutsa pothamangira T. rex. Ameneyu anapezeka konkuno ku Surrey mu 1983, m'dzenje lokumbamo dongo, ali ndi chikhadabo chachikulu chokhota ndi kukamwa kwautali, ankadya nsomba. Mupatseni Tadala ntchito imeneyo asanalowe: akapeze chikhadabo. Mwana amene akusaka chinthu sathamanga mwachisawawa.

Mayi a Pemphero: Takondwa nayenso apatsidwe yake. Kufupi ndi ma dinosaur kuli holo ya nyama zoyamwitsa, muli njovu, mvuu, chipembere, ndi chifanizo cha nangumi chachikulu. Zimenezo amazidziwa kale m'mabuku ake ndi m'nthano za agogo ake, adzazitchula yekha mayina. Ulendo usakhale wa mchimwene wake yekha, iye n'kumangotsatira. Ndiye ma dinosaur a Tadala, njovu ya Takondwa, nangumi wa nonse, kudya, kenako panja kwa Fern. Zakwana.

Anti Nabanda: Kudyako usadikire kuti anene kuti njala. Mwana akanena kuti njala ndiye kuti wachedwa kale. Ikamakwana hafu 11 akhale atadya. Ndipo chimbudzi apite musanalowe pa mzere uliwonse, afune asafune.

Bambo a Dalitso: Sitolo ya zidole muikumbukirenso. Mukatuluka kwa ma dinosaur mumakumana nayo. Gwirizanani kunyumba: chinthu chimodzi aliyense, cha ndalama zakuti, kapena palibe. Mukakayambira pomwepo kukambirana, ana atatopa, simupambana.

Mayi a Tadala: Abale, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. Ndatsegula webusaiti, Lachiwiri 10 koloko malo alipo, ndatenga. Pram ndiisiya, ndibereka. Chokhacho chomwe chikundidetsabe nkhawa ndi pa T. rex paja. Tadala adzafuna kuima nthawi yaitali, Takondwa adzafuna kuthawa, ine ndili ndi mwana kumsana.

Nachisale: Lachiwiri sindikugwira ntchito, ndipo anga nawonso ali pa tchuthi. Ndibwera nawo. Tikumane ku Blackfriars pa pulatifomu ya District yopita kumadzulo cha m'ma 9:15, masitepe a ku South Kensington tikathandizane. Pa T. rex inu mudzaima ndi Tadala mmene angafunire, ine ndidzadutsa ndi Takondwa tikakudikireni kwa njovu.

Mayi a Tadala: A Nachisale, Mulungu akudalitseni. Ndikulemberani kumbali tipatsane manambala.

Anti Nabanda: Mwachita bwino Nachisale, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu Mayi a Tadala muyambe kumuzoloweretsa Takondwa, mumuimbire Nachisale pa vidiyo aone nkhope yake lisanafike tsikulo, angakakane kugwiridwa dzanja ndi mlendo.

Mayi a Lusayo: Ife mwina tikupezani komweko masana, ndiona mmene shifiti ikhalire.

Mayi a Tadala: Funso lomaliza. Chakudya chochokera kunyumba amalola kulowa nacho? Ndimafuna ndikazinge mandasi Lolemba usiku, ndiwiritsenso mazira.

Nachisale: Amalola. M'zipinda zoonetsera zinthu musadyeremo, koma pansi pali malo a matebulo okonzera anthu obwera ndi kamba wawo, ndipo kukakhala kopanda mvula tikhoza kudyera m'munda. Mabotolo a madzi mubwere nawo. Mandasiwo muchulukitse, anga awiri ndikuwadziwa.